Tsiku Limene a Kolala Anadzithokoza Okha

A Kolala analakwa kawiri m'mawa umodzi: anatenga yankho la mnzawo n'kulilemba ngati lawo, ndipo atatero anadzithokoza okha. Zonsezi anazichita atakhala pampando wawo wa masiku onse, m'shopu mwawo, tayi ali m'khosi, magalasi ali pamphuno.

Dzina loti Kolala linali longopatsidwa. Anali telala wa masuti kwa zaka makumi anayi, ndipo munthu akalowa m'shopu mwawo, iwo ankayamba ayang'ana kolala ya malaya ake asanayang'ane nkhope. Kolalayo ikakhala yopindika, moni wake ankafupika. Shopuyo inali chipinda chimodzi cholumikizana ndi nyumba yawo. Pafupi ndi zenera panali makina osokera opalasa ndi mapazi, kukhoma kunali majekete atapachikidwa pa waya, ndipo pakati panali tebulo lalikulu lodulirapo nsalu. Pakona pa tebulolo panali chipsera chakuda chooneka ngati nsimbi. Chinabwera tsiku limene anauzidwa kuti mwana wawo woyamba wabadwa: anatuluka chothamanga, nsimbi yamoto ataisiya pomwepo. Sanalole kuti kalipentala achipale.

Mwana ameneyo anakula, nakwatiwa ndi telala wosoka mayunifolomu a sukulu, ndipo mkamwini ameneyu ndiye anawalowetsa apongozi ake pa Bwalo la Matelala. Ili linali bwalo la pa intaneti, ndipo mkamwiniyo anali mmodzi mwa oyang'anira ake atatu. Wina akasowa nzeru pa ntchito ankafunsa, ena n'kumayankha. Wofunsayo akathandizika ankadina batani lolembedwa kuti "Zikomo" pansi pa yankho limene lamupulumutsa, ndipo woyankhayo ankalandira nyenyezi imodzi. Funso limodzi, nyenyezi imodzi. Nyenyezi zikachuluka, pambali pa dzina la munthu pankaoneka baji. Makumi asanu zinkabweretsa Singano ya Mkuwa, mazana awiri Tepi ya Siliva, ndipo mazana asanu Sizasi ya Golide, imene panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataifikapo.

Poyamba a Kolala anazinyoza. "Tizithunzi tonyengerera ana," anatero. Koma Singano ya Mkuwa itafika, anaiyang'ana nthawi yaitali mpaka tiyi anazizira. Tepi ya Siliva itafika, anaitana akazi awo kuti adzaione.

"Yokongola," anatero mayiwo akupukuta manja. "Koma mumavala pati, bambo? Pajekete sindikuiona."

"Sivalidwa, mayi. Imaonedwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi amisiri."

"Chabwino. Amisiriwo akatha kuona, mubwere mudzadye."

Oyang'anira ataona kuti mkuluyu amalemba mwadongosolo, anawapempha kuti alembe malamulo a bwalo. Analemba asanu. Loyamba linali lakuti munthu ayambe wapereka moni asanafunse kanthu. Lachinayi linali lakuti munthu mmodzi, dzina limodzi. Lachisanu linali lakuti wothandizidwa athokoze amene wamuthandiza, osati wina. Ndipo malamulowo ankawasunga okha kuposa aliyense. Wachinyamata akangolowa ndi funso ngati wothamangitsidwa, a Kolala ankamuyankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu. Tsopano funsaninso."

Panali baji imodzi yokha imene analibe, ngakhale wolowa dzulo anali nayo. Kanali kabatani kakang'ono ka mkuwa kotchedwa Funso Loyamba, kamene munthu ankalandira akangofunsa kanthu koyamba. Pa zaka zitatu a Kolala sanafunsepo. Malo a kabataniko pa tsamba lawo anali otuwa, ndipo iwo ankanyadira kutuwako ngati mendulo.

Wowapikisa anali mmodzi, mayi wina wachitsikana wosoka madiresi ku tauni yakutali, amene pabwalopo ankadziwika kuti Mayi Zipi. Sanaonanepo. Mayankho ake anali aafupi, moni wake anali wakuti "Moni onse" basi, zimene a Kolala ankaziwerengera kuti ndi theka la moni. Koma anthu ankamuthokoza, ndipo mwezi wonse awiriwa anayenda phewa ndi phewa. Pofika Lolemba la sabata imene tikunenayi, a Kolala anatsala ndi nyenyezi imodzi kuti akwanitse mazana asanu. Mayi Zipi naye anatsala ndi imodzi.

Lolemba lomwelo akazi awo analowa m'shopu ndi nsalu yobiriwira, yofewa, yotamuka ukaikoka.

"Loweruka kuli ukwati wa mwana wa achemwali anga," anatero. "Ndikufuna diresi. Zaka zonsezi mwaveka amuna a eni, nane mundivekeko."

A Kolala anaigwira nsaluyo, naikoka, naisiya, ndipo inabwerera mwakale ngati sinamve kanthu. Sanaikonde. Nsalu yaulemu, m'kuganiza kwawo, imakhala pamene waiika. Komabe anayeza, anadula, nakhala pamakina. Anapalasa mzere woyamba, ndipo makina anadumpha. Anasoka pang'ono, nadumphanso. Msoko unatuluka wokwinyika ngati chipumi cha munthu wokwiya. Anasintha ulusi. Anathira mafuta. Anamasula apa, namanga apo. Lachiwiri lonse linathera pomwepo, ndipo tizidutswa ta nsalu toyeserapo tinadzaza pansi pa tebulo.

Lachitatu m'mawa mayiwo anabweretsa tiyi, nayang'ana tizidutswato.

"Bwanji osafunsa pabwalo lanu lija?"

"Ine pabwalo paja ndimayankha, mayi. Sindifunsa."

"Ndiye ayankheni makinawo. Akhala akukufunsani kuyambira Lolemba."

Atanena izi anatuluka kukachapa, foni yawo ataisiya pawindo kuti isanyowe. A Kolala anaiyang'ana foniyo. Anayang'ana chitseko. Kenaka mkulu amene analemba lamulo lachinayi ndi dzanja lake anatenga foni ya akazi ake natsegula dzina lachiwiri pabwalo, dzina loti Wophunzira. Anayala msoko wokwinyika uja patebulo, naujambula, nalemba moni wathunthu wa mizere itatu, kenaka funso.

Yankho linafika tiyi asanazizire, ndipo linachokera kwa Mayi Zipi.

"Moni Wophunzira. Singano yanu ndi yosongoka kwambiri, siyoyenera nsalu yotamuka. Pezani ya nsonga yobulungira. Yalani pepala lopyapyala pansi pa nsalu, musoke zonse pamodzi, musakoke. Mukatha ng'ambani pepalalo. Musadandaule, tonse tinayambira pomwepo."

A Kolala anavala jekete, napita kusitolo ya zosokera kumapeto kwa msewu, nagula singano imene anali asanaigulepo chibadwire. Pepala analitenga m'bokosi la nsapato zatsopano za akazi awo. Anapalasa mwakayakaya. Makina anayenda osadumpha, ndipo msoko unagona mowongoka ngati wojambulidwa ndi rula. Anaseka okhaokha, kuseka kwenikweni, mpaka anachotsa magalasi. Diresi linatha dzuwa lisanapendeke.

Lachinayi m'mawa ndi pamene panafika mayeso. Munthu wothandizidwa amathokoza. Izi a Kolala anaphunzitsidwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Anatenganso foni ya akazi awo, natsegula funso lija, chala n'kuima pamwamba pa batani la Zikomo. Pomwepo anakumbukira chiwerengero. Akangodina, nyenyezi ya mazana asanu ipita kwa Mayi Zipi, ndipo Sizasi ya Golide yoyamba m'mbiri ya bwalo ikhala pambali pa dzina la munthu wa theka la moni. Akapanda kudina, Wophunzira akhala munthu wopanda mwambo, wodya n'kungonyamuka. Chala chinatsika, chinakweranso. Anadziuza kuti zaka makumi anayi sizingafanane ndi pepala la m'bokosi la nsapato. Anadziuza kuti yankho la mayiyo linali loona, koma losakwanira, losalongosoka, losowa mawu oyamba ndi otsiriza. Munthu akafuna kulakwa, zifukwa zimabwera zovala bwino.

Anatenga foni yawoyawo. Pansi pa funso la Wophunzira, m'dzina la Kolala, analemba ndime zinayi. Munali moni, munali mbiri ya nsalu zotamuka, munali chenjezo kwa achinyamata opupuluma, koma mnofu wake unali womwewo: singano ya nsonga yobulungira, pepala pansi, osakoka. Atatumiza, anaika foni yawo kudzanja lamanja, ya akazi awo kumanzere, ndipo dzanja lamanzere linathokoza lamanja.

Sizasi ya Golide inatulukira ikunyezimira, timoto tikuthetheka mozungulira. Mauthenga oyamikira anayamba kugwa ngati mvula yoyamba. A Kolala anayankha aliyense, mmodzimmodzi, monga mwa khalidwe lawo. Kenaka unafika wa Mayi Zipi.

"Mwaiyenera, bambo. Kolala yoyamba imene ndinasoka yowongoka ndinaphunzirira pa yankho lanu, zaka ziwiri zapitazo. Zikomo potiphunzitsa."

Uwu sanauyankhe. Analemba "Mayi wolemekezeka," nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Mkulu amene sanagonekepo moni wa munthu osaubweza anausiya uthengawo uli chomwecho mpaka masana. Chakudya chinawakanika. Sizasi ija ankati akaiyang'ana, inkawayang'ananso.

Masana omwewo mayiwo anabwera pakhomo la shopu, foni ataitalikitsa ndi nkhope kuti awerenge bwino.

"Bambo, foni yanga ikundiyamikira."

"Pa chiyani?"

"Ikuti ndalandira baji ya Funso Loyamba. Kabatani kamkuwa. Ine ndafunsa liti? Ndipo ikunditchula kuti Wophunzira. Ndinalembetsa sukulu ndili m'tulo?"

A Kolala anayamba kupinda tepi yoyezera mosamala kwambiri, ngati ntchito imene dziko lonse likuidikira.

"Ndi zinthu za makina, mayi. Nthawi zina zimasokonekera."

"Zasokonekera bwino," anatero mayiwo. "Zandisokera diresi."

Anawayang'ana amuna awo kanthawi, milomo ikunjenjemera ndi kuseka kumene anakuumiriza, nabwerera m'nyumba. Sanafunsenso, ndipo kusafunsako kunali kowawa kuposa kufunsa.

Lachisanu masana kunabwera mkamwini. Anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula, anavula chipewa, ndipo kolala yake inali yositidwa mpaka kuuma, chizindikiro chakuti wabwera ndi nkhani. Anafunsa za moyo wa bambo, za moyo wa mayi, za miyendo, za maso, za makina. Atatha zonsezi anasowa pokhala, nakaima pakona pa tebulo, dzanja n'kuliika pachipsera chija.

"Tebulo ili ndi lolimba, bambo."

"Ndi lolimba."

"Matabwa a masiku ano safika apa."

"Safika. Kodi mwadzera matabwa, akamwini?"

"Ayi, bambo." Mkamwini anatembenuza chipewa m'manja. "Ndimangoganiza. Matebulo okhala ndi chipsera cha nsimbi pakona, chopendekera kumanzere chonchi, kodi angakhale ambiri m'dziko muno?"

Panja wogulitsa masache osesera anadutsa akuitanira malonda ake, mawu ake nazilala.

"Chifukwa chake n'chakuti," anapitiriza mkamwiniyo, maso ali pansi, "pachithunzi cha Wophunzira uja, kumbali kwenikweni, chikuoneka. Ndipo pa zithunzi zanu za majekete, zaka zitatu zonsezi, chimaonekanso. Mwana wanu, mayi a kunyumba kwathu, ataona anangoti, 'Apo ndi pamene ndinabadwira ine.'"

A Kolala anayang'ana chipseracho pansi pa dzanja la mkamwini.

"Si nkhani yaikulu, bambo," anafulumira mkamwini. "Woyang'anira amatha kuchotsa chithunzi. Ndi kudina kamodzi. Anzanga awiri aja sanaone. Dzina la Wophunzira lingozimirira mwakachetechete, baji ikhala. Pajatu nyenyezi zina zonsezo munazikhetsera thukuta. Imodzi yokha isatigwetsere nyumba."

Apa tiyenera kunena zoona: a Kolala anaikonda nzeru imeneyi. Inali yofewa, yotamuka, yokwana pathupi paliponse. Anaona m'maganizo mwawo Sizasi ya Golide ikukhala pambali pa dzina lawo mpaka kalekale, ndipo anaona mkamwini wawo akubwera chaka ndi chaka kudzapereka moni, akudziwa, iwonso akudziwa kuti akudziwa. Anali asanayankhe pamene chitseko cha m'nyumba chinatseguka.

Mayiwo analowa atavala diresi lobiriwira lija. Linawakhala ngati anabadwa nalo. Anatembenuka kamodzi pakati pa shopu, ngati mtsikana, ndipo a Kolala anaiwala kwa kamphindi kuti ali pamlandu.

"Mayi, mwatchena," anatero mkamwini, wokondwa kupeza nkhani ina. "Ukwati wa mawa anthu asokoneza mkwatibwi. Bambo dzanja lawo silikalamba."

"Bambo ake ati?" anatero mayiwo akusalaza msoko wa m'mbali. "Ili wasoka ndi Wophunzira. Mnyamata waulemu, wodziwa kufunsa. Mawa achemwali anga akandifunsa, nditchula iyeyo. Kungoti ndikumva kuti kuthokoza sanaphunzire."

Anatero akumwetulira, popanda mkwiyo, nayamba kuchotsa kaulusi pamkono. A Kolala anayang'ana msoko umene chala cha akazi awo chinkatsata. Unali msoko wabwino koposa yonse imene anasoka chaka chimenecho, ndipo sunali wawo okha. Anaimirira, nakonza tayi.

"Akamwini."

"Bambo."

"Mwabwera ngati mwamuna wa mwana wanga, kapena ngati woyang'anira bwalo?"

"Zonse ziwiri, bambo."

"Mwamuna wa mwana wangayo apite m'nyumba akamwe tiyi ndi apongozi ake. Woyang'anira atsale."

Mkamwini anayang'ana chitseko, nayang'ana apongozi ake aamuna, nasowa kuti agawike bwanji. Mayiwo anaseka mpaka anagwira khoma.

"Lamulo lachinayi analemba ndani?" anafunsa a Kolala.

"Inuyo, bambo."

"Lachisanu?"

"Inu nomwe."

"Nanga inu, munthu amene anzanu anakukhulupirirani, mukubwera m'shopu mwanga masana dzuwa likuswa mtengo kudzandiuza kuti mubise chithunzi? Mwana wanga ndinam'pereka kwa munthu wotere?"

"Pepani, bambo," anatero mkamwini, amene mpaka lero samvetsa kuti zinatheka bwanji kuti wopepesa akhale iye.

"Chithunzicho chisiyeni. Khalani apo. Mundiuze ngati ndalumpha kanthu."

Anakhala pansi nalemba, ndipo analemba m'dzina lawo lenileni, pamalo pamene bwalo lonse limawerenga. Anayamba ndi moni wathunthu. Kenaka anati Wophunzira ndi iwo. Kuti nsalu yotamuka inawagonjetsa masiku awiri. Kuti anachita manyazi kufunsa. Kuti yankho limene linawathandiza linali la Mayi Zipi. Kuti analitenga, nalivika m'mawu ambiri, nadzithokoza okha. Sanatchule zaka makumi anayi. Anamaliza ndi mzere umodzi wopita kwa mayiyo: "Zikomo, ndipo pepani kuti zikomoyu wachedwa masiku awiri." Ulendo uno chala chinatsika pa batani lotumizira osakweranso.

Bwalo linaphulika ndi kuseka, koma kunali kuseka kwa anthu amene apeza kuti mphunzitsi wawo naye amapunthwa. Telala wina wa makatani anaulula kuti wakhala chaka chonse akuopa kufunsa za mapindo chifukwa choopa a Kolala. Wina anapempha kuti Wophunzira asachotsedwe, poti ndi yekhayo amene amapereka moni wa mizere itatu. Kenaka Mayi Zipi analemba.

"Taswera bwino, bambo, kaya inu ndi amayi kunyumba. Tebulo lanu ndinalizindikira tsiku lomwelo. Ndaphunzira zambiri pa zithunzi zanu, chipsera chija ndimachidziwa ngati cha m'nyumba mwanga. Ndinangoona kuti mukufuna kufunsa mobisa, ndiye ndinakuyankhani mobisa. Diresi lakhala bwanji?"

A Kolala anawerenga kawiri. Anachotsa magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya tayi, chinthu chimene ankaletsa ena.

"Moni wake ndi wathunthu," anatero pang'onopang'ono.

"Muyankheni za diresi," anatero akazi awo, ataima kale pafupi ndi zenera pamene pali kuwala. "Jambulani. Koma tebulo lanulo lisaonekenso, latichititsa manyazi mokwanira."

Oyang'anira atatu anakambirana Loweruka, a Kolala ali ku ukwati, ndipo mkamwini anapempha kuti asaponye nawo voti. Chigamulo chinaikidwa pabwalo Lolemba m'mawa. Sizasi ya Golide inachotsedwa pa dzina la a Kolala. Nyenyezi ija inaperekedwa kwa mwini wake, ndipo Mayi Zipi anakhala woyamba kulandira bajiyo. Nyenyezi zina makumi asanu zinachotsedwa ngati chilango. Dzina la Wophunzira linatsekedwa. Kwa masiku makumi atatu a Kolala analetsedwa kuyankha funso lililonse. Analoledwa kufunsa kokha, ndipo analamulidwa kufunsa kamodzi pa sabata, m'dzina lawo, n'kuthokoza wowayankha. Kabatani kamkuwa ka Funso Loyamba anakachotsa pa foni ya amayi, nakaika pambali pa dzina la a Kolala, pamalo pamene Sizasi ya Golide inakhala masiku anayi.